Apongozi a Mumtsuko

M'nyumba imene Tiya adakwatiwamo ku Bolton, ku Mangalande, munali anthu anayi, koma opuma anali atatu. Wachinayiyo anali apongozi ake aamuna. Atamwalira adawatentha, phulusa n'kulitsekera mumtsuko wamkuwa. Mtsukowo unkakhala m'kachipinda kam'mwamba, momwe Tiya ankafuna kuikamo kabedi ka mwana, poti anali wotopa, masiku atayandikira.

Mwamuna wake, Andor, makolo ake adachokera ku Hungary. Malemuwo adabadwira m'chinyumba chachifumu cha nsanja ziwiri, cha minda ya mphesa ndi kachalitchi kakekake. Boma lidalanda zonsezo, iwo n'kuthawa, kudzakalambira m'fakitale ya nsalu. Chidawatsalira ndi manda a makolo pansi pa kachalitchiko, ndipo pomwalira adapempha kuti akagone kwawo.

Koma mkazi wawo, mayi Piroska, chaka chilichonse ankangoti chaka chamawa.

Kachipindako kankazizira ngakhale hita itayaka. Tiya akamadutsa pakhomo pake ankamva fungo la fodya wa kaliwo, chonsecho m'nyumbamo munalibe wosuta. Mwana wa ku Ntcheu, umuuze kuti maliro agone m'nyumba zaka ndi zaka, iye n'kumadya bwinobwino? Mantha adamudya mpaka kuwonda.

Lamulungu lina atabwera kutchalitchi, adatsitsa sutikesi n'kuiponya pabalaza.

"Inu a Andor, sankhani lero. Mwana wanga sagona chipinda chimodzi ndi maliro. Ndikupita kwa achemwali ku Bradford."

"Tiya, pepa, tidikire pang'ono..."

"Kudikira chiyani? Munthu akulira kwawo! Inu fodyayu simukumumva?"

Mayi Piroska adadzuka, ndodo ili m'manja. "Mwamuna wanga sachoka muno!" Adalowa kukhitchini n'kumenyetsa chitseko.

Tiya adawatsatira mtima uli m'mwamba, koma adawapeza atagwira sinki, misozi ili chuchuchu. Ukali wonse udamuthera, ndipo adagwada movutikira.

"Amayi, ndiuzeni. Mukuwakaniziranji?"

"Mwanawe, iye anali mwana wa bwana. Ine mayi anga ankachapa zovala m'chinyumba chija. Abale ake osunga mandawo adanena poyera kuti pansi pa kachalitchi pamagona a mtundu wawo okha. Ife antchito manda athu ali kunja kwa mpanda, kumunsi kwa khola la akavalo. Ndikamupititsa, basi tasiyana mpaka kalekale."

Andor adaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Mwana wobereka okha, koma zimenezi ankazimva koyamba.

Tiya adawapukuta misozi ndi mpango wake.

"Abambo adanena kuti pansi pa kachalitchi, kapena adangoti kwawo?"

"Adangoti kwawo."

"Ndiye vuto lili pati, amayi? Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Amasiya mudzi wake, kaya ndi mwana wa ndani, n'kukamanga kwa mkazi. Abambo akakhale mkamwini kunja kwa mpandako. Akakudikireni pafupi ndi amayi anu."

Gogoyo adaseka uku akulira.

"Ankadumpha mpanda womwewo kudzandiona, bambo ake akumusaka ndi chikwapu."

Adakwera masitepe pang'onopang'ono, Tiya atawagwira mkono. Adatsegula kachipinda kaja, naika dzanja pamtsuko.

"Dzuka, bwana," adatero. "Ukupita kwathu kwa ochapa."