Mchenga mu Sinki ya Dona

Anatulukira m'mawa wina chiperoni chitaphimba phiri la Michesi. Palibe anamuona akutsika lole. Palibe anamumva akuodira pachipata cha esiteti. Zelifa atatembenuka anangoona munthu wandevu ataima pakhomo la khitchini, chipewa m'manja, kachikwama ka zitsulo kali paphewa.

Zinali zaka za chitaganya. Zelifa anali atangoyamba ntchito yotsuka mbale m'nyumba ya mzungu wa esiteti ya fodya, m'chigwa cha Phalombe. Tsiku limenelo anali akulira. Sinki yotsukiramo mbale inali itadzaza madzi akuda, mafuta akuyandama pamwamba, ndipo madziwo sankatsika. Dona anali atanena kale kuti akadzuka n'kupezanso fungo limenelo, Zelifa alongedze azipita kwawo.

"Odi muno," anatero mlendo uja. "Chemwali, misozi imeneyo ingowonjezera madziwo."

"Inu ndani?"

"Fraser."

"Fraser wa kuti?"

"Wa kumene ndachokera. Tapatukani ndione."

Anapinda manja a malaya ake n'kupisa dzanja m'madzi onunkha aja. Anachotsa kasefa ka pakamwa pa sinki, n'kukagugudira panja. Munali masamba a tiyi okhaokha. Madzi osatsika. Analowetsa waya. Madzi osatsika. Anapempha ketulo ya madzi owira n'kuthira, poganiza kuti mwina mafuta aundana. Madzi anangoti tcho!

Kenako anagona chagada pansi pa sinki, anatchera ndowa, n'kumasula ndi sipanala pamene paipi imapindika ngati chigongono. Khuthu! M'ndowa munagwa matope otuwa.

Anawatikita ndi zala n'kumuyang'ana Zelifa.

"Miphika mumakwecha ndi chiyani?"

"Mchenga ndi phulusa. Nanga n'kukwecha ndi chiyani? Amayi anandiphunzitsa choncho."

"Kumudzi mchenga umabwerera pansi pomwe unachokera. Muno ulibe kolowera. Umagona pachigongono apa mpaka njira kutsekeka. Muzikwechera panja, muno muzingotsukuluza."

Zelifa anagwira pamtima. "Chonde musakauze dona!"

"Ndiuze dona? Kuti maso okongolawa achoke pa esiteti pano? Ine ndikanena kuti ndi masamba a tiyi a dona yemweyo."

Madzi anatsika akulira kuti kulukulu. Zelifa anaseka misozi isanaume. Kodi munthu ameneyu anamutuma ndani? Anagwa kuchokera kumitambo ija?

Bwana atamva za luso lake anamulemba ntchito tsiku lomwelo, kuti aziona thanki ya madzi, injini ndi zitseko za zigafa. Anamupatsa kanyumba kumakomboni. Anthu anamufunsa kwawo, iye ankangoseka n'kusintha nkhani.

Koma kwa Zelifa pakamwa pake pankatuluka uchi.

"Zeli, njiwa yanga," ankatero akakumana pansi pa mtengo wa mango nthawi ya nkhomaliro. "Ndayenda mitunda, ndaona akazi ovala nsapato zazitali, koma woyenda ngati iwe sindinamuone."

"Bodza! Mitunda yake iti?"

"Ya kumene kulibe iwe. Kumeneko n'kosayenera kukutchula."

Zelifa anamuphikira kalongonda. Anamuwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuwiritsanso, mpaka ululu wonse utatha. Fraser anadya maso ali otseka.

"Fodya akangotha kugulitsidwa, ndipita kwa amalume ako," analonjeza. "Ndidzamanga nyumba pamudzi panu, ya mawindo awiri. Lina lako, lina langa."

Mawu amenewo Zelifa ankawabwereza akutsuka mbale, akusesa, akutunga madzi. "Lina lako, lina langa!"

Vuto linali lakuti zigafa zinali kutali ndi nyumba ya dona. Masiku ankatha osamuona. Mtima utamukulira, Zelifa anatapa mchenga dzanja limodzi n'kuuthira dala mu sinki.

Fraser anabwera, anamasula chigongono chija, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Wayambanso, wakuba iwe?"

"Ndaba chiyani?"

"Nthawi ya bwana ndi mtima wanga."

Zelifa anachita zimenezo kangapo, kenako analeka poopa dona. Koma chodabwitsa, sinki sinaleke kutsekeka! Ankakwechera panja, masamba a tiyi ankataya kudzala, mafuta ankayamba wawapukuta. Komabe sabata iliyonse madzi ankaima.

Lolemba lina masana anabwerera msanga kuchokera kodyetsa nkhuku. Atasuzumira pakhomo anaona Fraser atagwada pansi pa sinki, akukankhira kansanza m'paipi.

Zelifa anabwerera chafutambuyo, dzanja lili pakamwa. Mayo! Ndiye kuti nayenso ankatseka dala! Ankafuna chifukwa chobwerera kukhitchini, kwa iye! Tsiku limenelo anaswa kapu ya dona chifukwa cha chimwemwe, ndipo ngakhale anakalipiridwa, sanamve kuwawa.

M'mawa mwake Fraser anabwera kudzakonza chimene anawononga yekha. Zelifa anaima pambali akumwetulira, akudikira mawu okoma.

Koma Fraser anaima pa sinki, sipanala ili m'manja, maso ali pawindo.

Windo limenelo linkayang'ana kumwala wochapira. Pamwalapo panali Enelesi, mayi wamtali wosalankhulalankhula, amene ankabwera Lachiwiri lililonse kuchokera kutsidya kwa mtsinje kudzachapa zovala za dona. Kukhitchini sankalowako. Onse ankadziwa nkhani yake: mwamuna wake anapita ku Halale kalekale n'kutchona. Enelesi anasamuka kwawo ku Jenala atatopa ndi pakamwa pa anthu. Amuna ankamufunsira, iye ankakana. Ankati, "Sanandisudzule. Ndikadali mkazi wa mwini."

"Mayi amachapa uja," anatero Fraser osatembenuka, "a Dyson akumupatsa chiyani apo?"

Dyson anali khukhi wa panyumbapo, bambo wansangala wokonda kuseka ndi aliyense.

"Buledi wotsala," anayankha Zelifa.

"Amamupatsa nthawi zonse?"

"Nthawi zambiri."

"Iye n'kumalandira?"

"Akane buledi? Inu zikukukhudzani bwanji?"

Panja Dyson ananena chinachake, Enelesi n'kuseka. Fraser anamenyetsa sipanala pa sinki. Ngwee! Mitsempha ya pakhosi pake inatuluka.

Zelifa anamuyang'anitsitsa. Mwamuna amakwiya choncho chifukwa cha buledi wa mkazi wosamudziwa?

Anayamba kukumbukira. Sinki inatsekeka liti sabata yatha? Lachiwiri. Nanga sabata inayo? Lachiwiri. Tsiku lochapa! Ndipo nthawi zonse Enelesi akayandikira nyumba ndi dengu la zovala, Fraser ankalowa msanga pansi pa sinki ngati waona njoka.

Masana Zelifa sanapite ku mtengo wa mango. Fraser anamupeza kuseri kwa khitchini akukwecha poto ngati akufuna kumubowola.

"Njiwa yanga, bwanji lero?"

"Njiwa yanu ili kumwala wochapira."

"Aa, Zeli!"

"Ndinakuonani mukuika nsanza m'paipi. Ine chitsiru ndinavina, ndimati mukufuna ine. Kani mukufuna windo!"

"Ukunena chiyani iwe?"

"Sinki imatsekeka Lachiwiri lokha. Lachitatu ine ndimakhala kulibe? Lachisanu ndimakhala nditafa?"

Fraser anagwada pambali pake n'kumugwira dzanja lodzaza phulusa.

"Mayi ameneyo sindinalankhule naye chifikireni pano. Ukafunse aliyense. Ndimangomumvera chisoni."

"Chisoni chomenyetsa sipanala?"

"Ndimadana ndi amuna oseweretsa akazi a eni. Basi. Iwe ndiwe mtima wanga, Zeli. Mphezi indiwombe ngati ndikunama."

Zelifa anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo.

Anafunitsitsa kumukhulupirira. Koma nsanje ili ngati chitedze, ukakanda ndi pamene imanyanya. Sabata yonse anamuyerekeza Enelesi ndi iye mwini. Enelesi ndi wamkulu, manja ake ndi ong'aluka ndi sopo, chitenje chake n'chofwifwa. Ali ndi chiyani chimene Zelifa alibe? Kodi amakumana kumtsinje? Kodi nayenso analonjezedwa nyumba ya mawindo awiri?

Pofika Lolemba anali ataganiza chochita. Ngati Fraser ndi wake, dziko lidziwe, ndipo woyamba kudziwa akhale Enelesi.

Lachiwiri m'mawa madzi anaimanso mu sinki. Fraser anabwera, anayang'ana pawindo kanthawi, kenako anagona chagada n'kulowetsa mutu ndi mapewa m'kabati ya pansi pa sinki. Kunja kunatsala miyendo yokha.

Zelifa anatuluka mwakachetechete mpaka kumwala.

"Achemwali, tabwerani mundithandize kunyamula ndowa."

"Kukhitchini? Dona sakalipa?"

"Dona wapita ku Boma. Tiyeni."

Enelesi anapukuta manja pachitenje n'kumutsatira. Atalowa, Zelifa anaima pafupi ndi miyendo ija n'kukweza mawu.

"Achemwali, ndati mudziwe. Awa ndi a Fraser, chibwenzi changa. Fodya akatha akupita kwa amalume anga."

Kulira kwa sipanala kunaleka.

Zelifa anayang'anitsitsa nkhope ya Enelesi, akufuna kuona manyazi kapena mkwiyo. Koma Enelesi anaomba m'manja, nkhope yonse itawala.

"Ee! Mwayi wako, mng'ono wanga! Ndimangomva kuti kuli mmisiri, koma sindinamuonepo. Tulukani alamu, tikuoneni!"

Miyendo ija sinagwedezeke.

"Alamu amanyazi chonchi?" Enelesi anaseka. "Tulukani, sitiluma."

Zelifa anayamba kuchita manyazi. Ndiye kuti mayiyu analibe mlandu? Anamuda pachabe? Anawerama n'kukoka mwendo wa buluku.

"Fraser, tulukani! Bwanji kodi?"

Anakoka mwamphamvu. Dzanja la Fraser linali litagwira chigongono cha paipi chimene anali atamasula kale. Chinaguluka. Madzi onse a mu sinki, mafuta, sopo ndi kansanza kaja, zinamukhuthukira kumaso.

"Mayo ine! Maso anga!" anakuwa.

Kuseka kwa Enelesi kunaduka.

Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitseko.

"Mawu amenewo," ananong'ona. "Tanenaninso."

Fraser anatuluka pang'onopang'ono. Anakhala pansi m'madzi akuda aja, ndevu zikudontha, maso ali pasimenti.

"Kwezani nkhope," anatero Enelesi.

Anakweza.

Enelesi sanakuwe. Anangotsetsereka pachitseko mpaka kukhala pansi, manja ali pamutu.

"Munafika liti?"

"Mvula isanathe."

"Mvula isanathe! Ndipo mwakhala pano, pawindo ili, mukundiona ndikuchapa zovala za eni?"

"Ndinapita ku Jenala, anandiuza kuti uli kuno. Ndinabwera wopanda kanthu, Enelesi, zitsulo zokhazi. Ndinati ndiyambe ndaona ngati unakwatiwa."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Ndinaona Dyson."

"Buledi!" Enelesi anamenya pachifuwa. "Ndakana amuna a njinga, ndakana a sitolo. Amayi anga anamwalira akundinena kuti ndine wopusa. Inu mukundiwerengera buledi wouma? Ndipo podikira kuti mundigwire, munati mupezeretu wina?"

Zelifa ankayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Nsanje yake yonse ija inali yoona, koma anailozetsa kolakwika. Wolanda mwamuna wa mwini sanali Enelesi.

"Nanga ine?" mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Nanga amalume anga? Mawindo awiri aja?"

"Zeli, ndinakukonda ndithu. Sindinafune kuti..."

"Munandikonda, kapena munakonda khitchini yanga?"

Maso a Fraser anali pa Enelesi, monga ankakhalira Lachiwiri lililonse. Apa ndi pamene Zelifa anadziwa kuti watha. Ngakhale pa nthawi yomupepesa, munthuyo sankamuyang'ana.

Zelifa anagwada m'madzi momwemo n'kumugwira malaya, akulira ngati mwana.

"Fraser, ndiyang'aneni kamodzi kokha. Fraser!"

Enelesi anadzuka. Anabwera n'kumasula zala za Zelifa pamalaya paja, chimodzichimodzi, mofatsa. Anamupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chake chonyowa.

"Leka kuitana munthu amene kulibe, mng'ono wanga. Fraser ndi dzina lotola ku Halale. Awa ndi amuna anga, a Kaliati."