Malata a kwa Consolata

Esitele anaona chisoso pa buluku la mwamuna wake m'mawa wina akuchapa. Tinjere takuda tosongoka tinali titakakamira m'munsi mwa mwendo wa bulukulo. Anatithothola kamodzikamodzi, koma mtima unali utafunsa kale. Msewu wochoka ku ofesi kufika kwawo unali wolambulidwa bwino. Chisoso chinkamera kunjira ya kudambo, kumene kunali tinyumba ta anthu osauka.

Banja lawo linayamba mokoma. Anadziwana kukwaya ku mishoni ya Guilleme, ndipo Greyson Mbewe atapeza ntchito ya ulangizi wa chitukuko pa boma la Mchinji, anamanga kanyumba ka zidina kofolera udzu. Loweruka ankamukweza mkazi wake pa njinga kupita kumsika, anthu n'kumawaseka kuti akadali pa chibwenzi. Dzinja likafika nyumba inkadontha, iwo n'kumasuntha mphasa uku akuseka, mabeseni ali mbwee pansi.

"Chaka chamawa malata, Naphiri," Greyson ankatero, pomuitana ndi dzina la mfunda wake.

Mwana sanabwere. Malata nawo sanabwere. Komabe ankakondana, ndipo zikanatha kukhala choncho mpaka ukalamba.

Chaka china boma linatumiza thandizo la chitukuko cha pa tauni. Gawo lina linali la mipopi ya madzi, gawo lina la malata ndi simenti za mabanja amene nyumba zawo zinali pafupi kugwa. Anakhazikitsa komiti yogawa, ndipo Greyson analowamo. Malamulo ake anali awiri: wa m'komiti salandira kanthu, komanso zokambidwa m'komiti sizituluka panja. Masiku amenewo a chipani chimodzi, lamulo lachiwirili silinali la masewera. Munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene anangowalankhula pakhonde pake.

"Ndiye mukugawa malata tauni yonse, ife n'kumavumbwabe?" Esitele anafunsa.

"Ndi lamulo, Naphiri."

"Nanga alandira ndani?"

"Zimenezo musandifunse."

Yankho analipeza pa mpopi watsopano uja, pakamwa pa amake Stefano, mayi amene sankadikira kufunsidwa.

"Abwera akazi a bwana! Apatseni malo atunge, mpopiwu ngwa amuna awo. Koma mayi, mwakawaona malata a kwa Consolata? Kung'anima kwake! Munthu kumadzionerapo nkhope."

"Consolata wake uti?"

"Wamasiye uja wa kudambo, mwamuna wake anafa ndi lole panjira ya ku Chipata. Wamtali, wa mano oyera. Inu simumudziwa, koma njinga ya aMbewe ikumudziwa. Imachita kukhota yokha."

Amayi onse anaseka. Esitele naye anaseka, nasenza ndowa yake. Madzi anamutayikira pamsana njira yonse, iye osamva.

Nsanje sifuna umboni wambiri. Imatola kanthu kakang'ono, njere ya chisoso kapena chiseko cha pa mpopi, n'kumakalera mumtima ngati khanda. Ndipo anthu amiseche akaponya mawu awo amapita kwawo kukadya, osadziwa n'komwe chimene adzala.

Tsiku lina masana Esitele anatsata njira ya kudambo, naima kuseri kwa nthochi. Njinga inali itatsamira mtengo wa mango. Greyson ankayeza khoma la nyumba ndi chingwe, Consolata atagwira nsonga inayo. Chingwe chinapulumuka, onse awiri n'kuseka. Kenako m'nyumba munatuluka kamtsikana, Rozi, mwana yekhayo wa Consolata. Greyson anakanyamula n'kukakweza m'mwamba kuti kagwire denga.

Chimene chinamulasa Esitele si chiseko chija ayi. Chinali mwana m'manja mwa mwamuna wake.

Madzulo Greyson asanavule n'komwe nsapato, mkazi wake anamuponyera buluku lija kumapazi.

"Chapani nokha, kapena mukapatse akazi anu a kudambo."

"Mwayamba chiyani, Naphiri?"

"Ndakuonani ndi maso angawa! Kuyeza khoma? Mwayeza khoma lokha?"

"Ndi ntchito imene andituma."

"Nyumba zonse za pa Mchinji, ntchito yanu ili kwa wamasiye basi? Uzani komiti yanuyo kuti nanenso ndine wamasiye, mwina mungandione!"

"Tsitsani mawu. Makoma awa ngopyapyala."

"Amve! Amve kuti mkazi wosabala amagona m'madzi, wobala amagona pa malata. Munamusankha ndinu, eti? Yankheni!"

Greyson anayang'ana kuzenera.

"Sindingakuuzeni za m'komiti."

"Ndiye mwandiuza kale."

Mwamunayo akanangonena mawu ochepa usiku umenewo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma mantha anamutseka pakamwa, ndipo mkazi wake anatenga chete ameneyo ngati kuvomera. Kuyambira pamenepo ankadya osayang'anana. Esitele anayamba kuwalota malata aja. Ankadziwa kuti malatawo ali m'nyumba mwa Consolata, atatsamira khoma, kudikira kalipentala kuti adzasasule udzu. Ankadziwanso kuti lata likapsa limapindika n'kuda, silifoleranso nyumba.

Mwezi wa Okutobala kunabwera msonkhano waukulu wa chipani pabwalo la mpira. Pa tsiku lotere msika unkatsekedwa, ndipo anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kukusa anthu. Esitele anavala nsalu yake, naimba nawo nyimbo ziwiri, kenako anazemba ngati akupita kuchimbudzi. Anali atamuona Consolata ali pamzere wa amayi ovina. M'chikwama munali machesi.

Kudambo kunali zii. Dzuwa linali paliwombo, udzu wa padenga uli gwaa. Pachitseko cha Consolata panali loko, wokhomedwa kunja.

Mulibe munthu, anadziuza choncho.

Komatu panalibe munthu pa Mchinji amene sankadziwa tanthauzo la loko pa tsiku la msonkhano. Chitseko chopanda loko anyamata aja ankachigogoda, ngakhale kuchikankha. Choncho amene anali ndi wodwala ankamutsekera m'kati, n'kukhoma kunja kuti nyumba ioneke yopanda munthu. Esitele yemweyo anawatsekerapo mayi ake chaka chimene anadwala chifuwa. Ankadziwa. Koma tsiku limenelo maso ake ankaona malata okha.

Anayatsa kumbuyo, pamene denga linatsika. Moto unakwera udzu ngati ukuthamangitsidwa. Iye anatembenuka, nayamba kuyenda, mtima uli myaa koyamba pa miyezi yambiri.

Ndipo anamva kutsokomola.

"Amayi?"

Anali Rozi. Anali ndi chikuku, ndipo amake anamusiya atagona pamphasa, kapu ya madzi ili pambali.

Esitele anathamangira kuchitseko. Anakoka loko, anamumenya ndi mwala, anakankha ndi phewa. Chitseko chinali cha mlombwa, chimene malemu mwamuna wa Consolata anagula kuti mbava zisalowe. Zenera linali kabowo kongokwana dzanja. Anakuwa mpaka mawu anatha, koma kubwalo ng'oma zinali pakati, amayi akuimba ndi kululutira. Palibe anamva. Denga litagwera m'kati, malata aja analira ngati akumenyedwa ndi nyundo, ndipo mawu a mwana sanamvekenso.

Anthu ataona utsi anabwera n'kumupeza atakhala pansi, manja atapsa, bokosi la machesi lili pamiyendo. Consolata sanamumenye, sanamutukwane. Anangomuyang'ana n'kufunsa, "Mayi, ndinakulakwirani chiyani? Ine sindikudziwani n'komwe."

Mlandu unazengedwa mvula yoyamba itayandikira. Amake Stefano anaitanidwa, nalumbira kuti iwo sananenepo kanthu, ankangocheza. Kenako anaimirira a Timoteyo Mwale, wapampando wa komiti, amene khoti linawalola kuulula zokambidwa.

"Dzina la mayi Consolata litatchulidwa, tonse tinavomera, poti khoma lawo linali litang'aluka. Anakana munthu mmodzi yekha, aMbewe. Anati mayiyu akadali wamphamvu, amagulitsa zitumbuwa, adikire chaka china. Titawapanikiza anati, 'Akulu, nyumba yanga ikudontha. Ndikapereka malata kwa mkazi wosakwatiwa, kwathu sikukhala mtendere.' Tinawaseka. Ndipo ine ndemwe ndinawalamula kuti ayang'anire nyumba imeneyo, kuti aphunzire kusiyanitsa ntchito ndi za kunyumba."

Esitele anatembenuka kufuna maso a mwamuna wake. Greyson anali atazolika, akuyang'ana nsapato zake. Consolata naye anamva tsiku lomwelo kuti bambo amene ankanyamula mwana wake uja ndi amene anafuna kuwamana denga.

Woweruza anati khoti lavomereza kuti Esitele sanafune kupha, koma anayatsa dala nyumba ya munthu, akudziwa bwino mwambo wa loko. Anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Thandizo lija linabwera kuti anthu agone pouma. Linadutsa m'manja mwa anthu amantha, pakamwa pa anthu amiseche, ndi mumtima mwa mkazi amene anakhulupirira chisoso kuposa mwamuna wake. Aliyense anaikapo kake, koma amene analipira ndi mwana amene sankadziwa n'komwe kuti komiti n'chiyani.

M'mawa mwake kunacha ndi mvula. Esitele anadzuka pa simenti, m'chipinda cha akaidi aakazi, nayang'ana kumwamba. Denga linali la malata, ndipo silinkadontha paliponse. Woyang'anira anatsegula loko wa kunja, nawerenga akaidi, nam'patsa ndowa ndi chikolopa. Zala zake zopsa zija sizinkapindika bwino, choncho anagwira ndowayo ndi manja awiri, natuluka kukatunga madzi.