Malovu a NyaGondwe

Greyson Msiska anali mmphawi wanjiru, mtundu wa munthu amene umphawi wake sumvetsa chisoni. Ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Rumphi boma, kupanga mphete ndi ndolo za waya wa kopa n'kumatapo timiyala tobiriwira tokumbidwa kumapiri a ku Nchenachena. Chomatira chake chinali utomoni wosakaniza ndi phula la njuchi. Dzuwa likangotentha, phula linkasungunuka, mwala n'kugwera m'fumbi.

Tsidya la msewu kunali Laws, wa ntchito yomweyo, amene mkulu wake ankamutumizira guluu wa m'machubu kuchokera kumigodi ya ku Zambia. Miyala ya Laws sinkagwa, ndipo manesi ndi aphunzitsi onse ankathera kwa iye. Greyson ankangomuyang'ana, mtima ukuwira. Tsiku lina mkazi wa tcheyamani wa chipani anagenda Greyson ndi mphete imene anagula kwa iye, mwala utagwa, anthu akuona, Laws n'kuseka. Mawa lake Greyson anauyatsa ulendo wa ku Thazima, kwa Hezron, sing'anga amene ngakhale osaka nyama ankamuopa.

Hezron anatulutsa chigoba cha nkhono chodzaza ulimbo wakuda bii.

"Uwu ukagwira, wagwira," anatero. "Koma sufewa ndi madzi. Umafewa ndi malovu a munthu wa m'nyumba mwako. Mwala ukagwira pa mphete, dzino lake laguluka."

"Bwanji malovu a galu wanga, adada?"

"Galu unamulipirira ng'ombe za malowolo?"

Greyson anakanda mutu. Musaganize kuti ankamvera chisoni mkazi wake Edina, amene anthu ankamutchula NyaGondwe. Ayi, chitsirucho chinkawerengera phindu.

"Nanga mano akatha?"

Hezron anamwetulira. "Thupi la munthu lili ndi zambiri zogwirana. Ulimbo udzasankha wokha."

"Yewo chomene," anathokoza Greyson, n'kulandira chigobacho ndi manja awiri.

Atafika kunyumba anapatsa NyaGondwe kabotolo, n'kumunamiza kuti azilavuliramo m'mawa uliwonse, ati ndi mankhwala oitanira ogula. Mayi wa anthu anamvera.

Ndipo ulimbo unagwiradi! Greyson ankaponya mphete pa simenti, kuimenya ndi hamala, kuiviika m'madzi owira, mwala uli nganganga. Komanso miyala yomatidwa ndi ulimbowo inkawala modabwitsa, moti mkazi akaiona mtima sunkakhazikika mpaka atagula, mtengo uliwonse umene Greyson watchula. Laws anatsala akuingitsa ntchentche. Greyson anagula njinga, wailesi ndi suti, n'kuyamba kuyenda ngati boma ndi lake.

Kunyumba NyaGondwe ankatha. Dzino loyamba linatsalira mu chinangwa. Ena anatsatira, opanda kupweteka, opanda magazi. Kuchipatala anamuyeza osapeza kanthu. Anasiya kuimba kwaya, n'kumalankhula atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Masana ena anabweretsera mwamuna wake chakudya pakhonde paja. Anamuona akudonthezera za m'kabotolo mu ulimbo, n'kukanikiza mwala pa ndolo. Nthawi yomweyo dzino linagwera pa lilime lake. Analilavulira m'dzanja.

"A Msiska, kodi ndi inu mukundidya?"

"Usandisokose pa ntchito. Mano ndi chiyani? Ndidzakugulira oikirira ku Blantyre."

"Ndisiyeni, chonde. Atsala awiri okha."

"Wavala nsapato chifukwa cha ndani? Kalavule uko!"

Sabata yomweyo kunabwera mkazi wa tcheyamani uja. Kunkayandikira tsiku lalikulu la chipani, limene amayi onse amakavina, ndipo iye ankafuna mkanda wa miyala yochuluka kuposa mano a munthu, pakati pake mwala waukulu ngati dzira la nkhunda. Greyson ankadziwa bwino lomwe kuti NyaGondwe sangapulumuke ntchito yotere. Anavomera osaphethira n'komwe.

NyaGondwe anamva zonse. Lamulungu masana mwamuna wake anabwera ataledzera kachasu, n'kugona pamphasa kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha. Mayiyo anakhuthula kabotolo kaja, n'kukatsuka, n'kukatchera pansi pa mlomo wa mwamuna wake mpaka katadzaza. Kenako anamanga katundu wake n'kupita kwa alongo ake ku Mlowe.

Greyson atadzuka n'kupeza mkazi wake atachoka, sanadandaule. Anagwedeza kabotolo n'kuseka. "Thawa, mfiti iwe! Ukafere kwanu, maliro asandivute."

M'mawa mwake anakhala pakhonde lake, anthu atamuzungulira kudzaonerera. Anamata mwala woyamba, dzino lake lakutsogolo n'kugwera pa thebulo. Anthu anaseka. Iye anazindikira zimene zachitika, koma mkazi wa tcheyamani anali ataima pomwepo ndi anyamata awiri achipani, ndipo masiku amenewo kukana munthu wotere kunali kudziitanira tsoka.

"Fulumira, iwe! Ndilibe nthawi," anatero mayiyo.

Anayesa kubisa ulimbo kuti atenge phula lake lakale, koma zala zinakana. Zinkangotola mwala n'kumata, kutola n'kumata. Mano anayoyoka ngati chimanga chokonoledwa. Atatha mano, zikhadabo zinathothoka. Kuseka kunatha, amayi anayamba kukuwa. Nsagwada inagwa n'kulendewera pachifuwa, mawondo n'kuguluka, koma manja okha ankagwirabe ntchito. Atakanikiza mwala waukulu uja, khosi linataya mutu.

Anamunyamulira m'thumba la chimanga, chifukwa panalibe fupa logwirana ndi linzake. Mkanda uja palibe anaukhudza. NyaGondwe sanabwere kumaliro. Anakalambira ku Mlowe akuyanika usipa, ndi mano ake awiri.

Dyera ndi loipa, anthuni. Munthu amene wavomera kulemera ndi thupi la mnzake asayembekeze kuti lake lidzasiyidwa.