Pitani Kwanu, a Constantino

Ndikudziwa kuti munthu akayamba nkhani ya mizimu, omvera amayamba afunsa chimene wamwa. Ine sindimwa. Dzina langa ndine Deliwe, ndimakhala kwa Kanduku kuno ku Mwanza, ndipo izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo. Wokayika akafunse a Tiyese, mmisiri womanga nyumba amene amakhala kuseri kwa msika wa Thambani. Anasiya chipande ndi levulo m'munda umene ndikufuna kunenawu, ndipo mpaka lero sanapite kukazitenga.

A Constantino anafika m'mudzi mwathu mu 1987 pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Anabwera ndi chipolopolo m'ntchafu, moti mwendo wakumanzere ankachita kuukoka poyenda. Anzawo atabwerera nkhondo itatha, iwo anatsala, chifukwa anali atakwatira mayi anga aang'ono, a Liness. Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye a malume athu, a Sankhani, anawalozera malo oti azilima. Anawapatsa kumtunda kwa miyala kumene ngakhale mbuzi zinkapita monyinyirika.

Mkamwini wanzeru sadzala mitengo pamudzi pa eni, aliyense amadziwa. Amadzala chimanga, chimene angakolole asanathamangitsidwe. A Constantino anadzala manachesi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo anangopitiriza kuzula miyala, chilimwe chilichonse n'kumatunga madzi kukhwawa ndi keni yachitsulo imene chogwirira chake chinkalira kuti kwii, kwii. Masana dzuwa lili paliwombo, ena onse ali pamthunzi, mumamva kulira kumeneko kukukwera phiri. Pamene ine ndinkatha msinkhu, mitengo inali makumi asanu ndi limodzi, mavenda a ku Blantyre ankabwera ndi mapikapu mwezi wa Juni, ndipo nyumba ya a Liness inali yoyamba kufoleredwa ndi malata. Oseka aja anasiya kuseka, anayamba kuyeza mundawo ndi maso.

Ana awo awiri anamwalira ali makanda, choncho mwana wawo ndinali ine. Ankanditchula kuti filha, ndiko kuti mwana wamkazi m'Chipwitikizi. Tsiku lina ndili wamng'ono anandikhazika pansi pa mtengo woyamba, wa kumtunda kwenikweni, akundisendera manachesi.

"Kwathu kunapsa konse, filha," anatero. "Pothawa ndinatapa dothi la pakhomo pa amayi, ndinamanga pakansalu. Ndinakwirira pansi pa mtengo uno."

Ine maso anali pa chipatso. Ndinangoti eya, n'kutambasula dzanja.

A Liness anamwalira mu 2021, mvula ili mkati. Titameta, a malume anaitanitsa mwambo wa kusudzula, pamene mwamuna woferedwa amathokozedwa n'kumasulidwa kuti abwerere kwawo. Mabanja a anthu abwino amati, "Khalani, ndinu bambo wa pano." Ife sitinali banja la anthu abwino. Kutatsala tsiku limodzi, a malume anandipeza ku chigayo n'kundikokera pambali.

"Mawa usatsegule pakamwa," anatero. "Munda uja ndi wa mbumba. Nanga mbumba yatsala ndani? Si iweyo?"

Ndinene zoona, ndinasirira. Ndili ndi ana atatu, bambo awo anapita ku Joni n'kuiwala njira, ndipo kamunda kanga kotsetsereka kamatipatsa chakudya chofika mwezi wa Okutobala basi. M'mudzi muno wopanda munda wabwino alibe mawa. Ndinaona ana anga ali ku sekondale, ndinaona malata padenga langa. Sindinaone nkhalamba imene inandilera.

M'mawa mwake tinakhala pabwalo la nyumba ya a Liness. A malume anatsokomola monga amachitira akafuna kuoneka aulemu.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu zaka zambiri. Tathokoza. Lero takusudzulani. Pitani kwanu."

"Kwathu kuti, alamu?"

"Aliyense ali nako kumene kunagwera mchombo wake."

A Constantino anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinali kutokosa mphasa ndi kamtengo, ngati muli chinthu chofunika kwambiri.

"Mwati ndipite kwathu?" anafunsanso.

"Eya, kwanu."

"Chabwino. Ndipita."

Anapempha chinthu chimodzi chokha, keni yawo ija. A malume anakana, amvekere za pakhomo zitsale pakhomo. Amene anawanyamulira chikwama ndi ine. Ndinawaperekeza mpaka pa malire, pakati pa mathiraki ndi anyamata osintha ndalama. Tisanasiyane anandigwira mkono.

"Ukamathirira uziyambira mtengo wa kumtunda uja, filha. Sumva ludzu msanga, koma ukalimva umakwiya."

Kenako anawoloka kupita ku Zobue, akukoka mwendo, osacheuka.

Sipanathe miyezi iwiri, ndinamva kuti munda wagulitsidwa kwa a Melvin, bambo wina wothandiza amalonda kuwolotsa katundu pa malire, amene ankafuna kumangapo shedi yogulirapo nandolo. Nditapita kukafunsa, ndinapeza a malume akupukuta njinga yamoto yatsopano.

"Iwe mitengo ukanaitha?" anatero. "Ntchito ya amuna imene ija. Tenga keni iyo, uzithirira tomato."

Cholowa changa chinali chimenecho. Ndinagulitsa bambo anga ndi keni yadzimbiri, ndipo ndinainyamula ndithu, n'kukaiika kuseri kwa chitseko. Chokwiyitsa n'chakuti ndinalibe woti ndimudandaulire. Wakuba akaberedwa sapita kupolisi.

A Melvin anathyola zipatso zomaliza, mu Ogasiti n'kubweretsa makina ochekera. Mitengo ya zaka makumi atatu inagwa masiku awiri. Mu Seputembala, mnyamata wina wosintha ndalama anatiuza kuti mdala wokoka mwendo uja wamwalira ku Zobue. Kumudzi kwawo anakapezako tchire lokhalokha, ndiye ankagona pakhonde la tchalitchi, ndipo anaikidwa ndi anthu osamudziwa dzina. Kuno palibe anayala mphasa. Ine ndinakalirira kubafa kuti ana asandifunse.

Zinayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Tiyese anali atayamba kukumba maziko a shedi. Tsiku lina masana anafika pakhomo panga n'kupempha madzi akumwa. Atamwa anandifunsa.

"Mayi, kodi amathirira zitsa zija ndani?"

"Zitsa ziti?"

"Tiyeni mukaone nokha."

Khwawa linali litauma kuyambira Ogasiti, ndipo mjigo uli kutali, kutsidya kwa sukulu. Koma chitsa chilichonse chinali ndi bwalo lonyowa mozungulira, lokonzedwa bwino, dothi lake lakuda. Ndinagwira. Linali lozizira. Pakati pa zitsazo panali mapazi a nkhwayira. Lakumanja lopondedwa bwino. Lakumanzere mzere wokokedwa.

"Mwina ndi ana," ndinatero, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikunama.

A Tiyese anakweza chala kuti ndikhale chete. Nyenje zimene zinkasokosera phiri lonse zinasiya nthawi imodzi. Mphepo kunalibe. Kenako kunabwera fungo la khungu la manachesi ongosenda kumene, lija limalowa mpaka m'maso. Mu Okutobala. M'munda wopanda mtengo ndi umodzi womwe.

Kwii.

Kumunsi, cha kukhwawa.

Kwii. Kwii.

Kulirako kunkakwera. Pang'onopang'ono, ndi kupumira, monga amakwerera munthu wa mwendo umodzi wabwino. Tinayang'ana njira yonse. Inali mbee, yopanda munthu. A Tiyese anathawa osatsanzika. Ine ndinathamangira kunyumba n'kukankha chitseko. Keni inali pomwe ndinaisiya. Kunsi kwake kunali matope, ndipo m'kati munali madzi otsalira.

Sabata yomweyo zitsa zinayamba kuphuka. Ngalande za maziko zimene aganyu ankakumba m'mawa, pofika madzulo zinkapezeka zokwiriridwa, miyala itasanjidwa pambali mwadongosolo monga ankasanjira a Constantino. Aganyu anathawa. A Melvin anabwera pagalimoto, magalasi akuda kumaso.

"Izi ndi za jelasi basi," anatero. "Anthu a kumudzi simufuna development. Ndikhala pompano ndimuone wothirirayo."

Anaimika galimoto pakati pa munda, n'kukhala m'kati mawindo otseka. Ife tinkaonerera patali. Dzuwa litafika paliwombo, tinangoona galimoto ikubwerera chambuyo, ikugunda zitsa, mpaka kumsewu. Zimene anaona sananene kwa aliyense. Anangouza a malume kuti akonze zinthu zawo, apo ayi abweze zonse zimene analandira.

A malume anafunsira nzeru uku ndi uku. Anauzidwa kuti womwalirayo sanamve bwino kusudzula kuja, ndipo mawu omwewo ayenera kunenedwanso pamalopo, pamaso pa mboni ya m'banja. Mboniyo ndinali ine. Kukhala chete n'kuonerera ndi ntchito imene ndinali nditaonetsa kale kuti ndimaitha.

Tinapita masana. A malume anavala jekete, thukuta lili kamukamu. Anaima pa chitsa cha kumtunda chija, chimene mphukira zake zinali zitafika kale m'mawondo. Tinadikira. Nyenje zinasiya. Fungo linafika. Kwii, kwii, kuchokera kumunsi, mpaka pafupi, pafupi kwambiri.

"Alamu," anatero a malume. "Tinakusudzulani mwamwambo. Pano si panu. Pitani kwanu."

Kulira kuja kunasiya. Tinamva chitsulo chikutulidwa pansi. Wina anapuma mozama, ngati munthu wotopa.

"Ndafika kale, alamu."

Mawu ake anali omwewo, otsika, aulemu, okoka Chichewa pang'ono. Anachokera pansi pa chitsa. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kansalu kaja, ndi dothi la pakhomo pa amayi awo. A malume anawauza kawiri kuti apite kwawo, koma sanadziwe kumene kwawoko kunakwiriridwa. Ine ndinkadziwa. Ndinauzidwa ndili mwana, pakamwa pali madzi a manachesi.

A malume anatsika phiri lija chokhala pansi. A Melvin anabwera kudzatenga njinga yamoto ija, ndi mbuzi zomwe, ndipo za shedi zinathera pomwepo. Patapita masabata atatu, a malume anabwera kwathu, atachepa ngati munthu wodwala chaka chonse.

"Deliwe, munda uja tenga. Paja ndinati ndi wako."

Anandipatsa tsopano, utakanika kwa onse. Ndinafuna kuwalavulira. Koma musandiyese munthu wabwino, chifukwa mvula yoyamba itagwa ndinanyamula khasu. Ufa unali utatha m'nyumba. Ndinadziuza kuti ine ndine filha wawo, sangandichite kanthu, ndipo mwina ankangosungira ine mundawo. Munthu akafuna chinthu, nzeru zodzikhululukira sizisowa.

Ndinalawira m'mawa kuti ndithane nazo dzuwa lisanakwere. Ndinayambira kumunsi, kutali ndi chitsa chija. Ndinalima mzere umodzi. Wachiwiri. Nditakweza khasu kuyamba wachitatu, mbalame zinasiya kulira.

Fungo lija.

Kwii.

Kumbuyo kwanga.

Sindinacheuke. Ndinamva mwendo ukukokedwa m'dothi lonyowa. Unaima. Dontho la madzi ozizira linagwera pachidendene changa.

"Filha."



"Wabwera kudzandiperekezanso?"

Munalibe mkwiyo m'mawu amenewo. Anafunsa ngati munthu amene akungofuna kudziwa kuti akonzeke. Akanandikalipira, akananditukwana, bwenzi ndikupeza poyankhira. Ndinasiya khasu pomwepo n'kutsika, ndipo sindinabwererenso.

Papita zaka zinayi. Mitengo yonse inaphukanso, ndipo chaka chino yabereka mpaka nthambi kuthyoka. Mavenda akaima pamsewu n'kufunsa mwini wake, anthu amayang'ana kumbali. Manachesi amapsa, amagwa, amaolera pansi, ife tikudya kamodzi patsiku. Mwana wanga wamkulu anasiyira sukulu Fomu 2, pano amapalasa kabaza ku Thambani. Wamng'ono amandifunsa chifukwa chimene sitithyola zipatso za agogo, ndipo ndimamuuza kuti zili ndi mwini wake.

Khasu langa lija limaoneka mukaima pamsewu. Limakhala lotsamira pamtengo, lero uwu, mawa wina, ndipo silichita dzimbiri. Keni ndinakaitaya m'chimbudzi chakale, ndinaipezanso kuseri kwa chitseko. Panopa ndinangoisiya. Masana aliwonse imanyowa, ndipo funso lija sindinaliyankhebe.