Tayala Lakumbuyo Kumanzere

Obadiya ananyamuka pa Mponela dzuwa litalowa kalekale, masitolo atatseka, pamsika patatsala agalu okha. Akanatha kunyamuka masana. Mkazi wake Debora anali atamuyimbira foni dzuwa likadali paliwombo, kumuuza kuti mwana wawo Tikondwe watentha thupi ndipo akukana ngakhale madzi. Kumudzi kwawo, kuseri kwa mapiri a njira ya ku Kasakula, galimoto inali imodzi yokha, yakeyo, ndipo chipatala chinali kutali koti wodwala sangafikeko wapansi. Koma iye anangoti, "Mum'patse panado, ndikubwera," n'kubweza foni m'thumba.

Chimene chinamugwira mwendo tsiku lonselo chinali kagetsi kakang'ono.

Galimotoyo anaitanitsa kunja atagulitsa fodya ndi soya, ndipo ankaikonda mopitirira muyeso, mwina kuposa anthu ena a m'nyumba mwake. Chimodzi chokha chinkamuwawa: marimu ake anali akuda, achitsulo wamba, osapatsa ulemu. M'mawa wa tsikulo Trust, makaniko wa pansi pa mtengo, anamuonetsa marimu anayi onyezimira, matayala ali momwemo, pamtengo wozizira. Anagwirizana kuti Obadiya asiye akale onse pamodzi ndi la sipeya. Atafunsa kumene achokera, Trust anakanda kumutu.

"Ndi a galimoto yangozi, bwana. Koma alibe vuto."

Ngakhale mwana amadziwa kuti katundu wa pangozi satengedwa chisawawa. Obadiya ankadziwanso, koma maso anali atamira kale m'kunyezimira kuja. Anati chitsulo chilibe mzimu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Atangomanga matayala atsopanowo n'kuliza injini, padashibodi panayaka kagetsi kachikasu, kaja kamachenjeza kuti tayala lachepa mpweya. Trust anayeza matayala onse ndi geji, mpweya unali wokwanira. Anawonjezera, kagetsi sikanazime. Anaphwetsako, kanali pompo. Anagwada n'kudina kabatani ka pansi pa chiwongolero mpaka chala kuwawa. Anachotsa waya wa batire, nadikira, nabwezera. Anauza Obadiya kuti athamangitse galimoto pamsewu wa tala kuti mwina idzikumbuka yokha. Obadiya anapita, nabwerako nkhope ili gwa, kagetsi kakumuyang'anabe.

Pamapeto pake Trust anaulula chimene akanayenera kunena m'mawa. M'kati mwa rimu lililonse, pomwe pamalowera mpweya, mumakhala kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamauza galimoto za mpweya wa m'tayala. Masensa amene galimoto ya Obadiya inkawadziwa anali m'marimu akale. Ndipo marimu akalewo anali atapita kale ndi mkulu wina wa ku Dzoole wokhoma ngolo, moti pofika nthawiyo n'kutheka anali akugudubuzika kumbuyo kwa ng'ombe.

"Nanga m'marimu atsopanowa mulibe masensa?" Obadiya anafunsa mano ali kukutu.

"Alimo, bwana, koma amadziwa galimoto yawo yakale. Yanuyi sakuidziwa. Pakufunika kompyuta ya ku Lilongwe kuti awadziwanitse."

Obadiya anamutukwana Trust, natukwana azungu opanga magalimoto, natukwananso ng'ombe za ku Dzoole. Kenaka anachita chimene madalaivala ambiri kuno amachita kagetsi kakawatopetsa: anadula tepi yakuda n'kumata pamwamba pake. Kagetsi kanabisika, mtima wake unakhala pansi, ngati kuti kutseka pakamwa pa wokuchenjeza ndiko kuthetsa mlandu.

Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wokwera m'mapiri, foni inaliranso. Mawu a Debora anali atasintha.

"Bambo a Tikondwe, muli pati kodi? Mwana wayamba kukomoka. Maso atembenuka. Fulumirani, ndapota nanu."

Asanayankhe, netiweki inathawa. Apa ndi pamene mantha anamugwira koyamba, mantha a bambo amene wazindikira kuti wataya tsiku lathunthu pa zachibwana. Anaponda moto. Galimoto inkadumpha m'maenje, fumbi lili koboo kumbuyo. Posakhalitsa inayamba kukokera kumbali, kumbuyo kukumveka pwata pwata pwata. Anaima, natuluka, nawalitsa tochi ya foni. Tayala lakumbuyo kumanzere linali litaphweratu, rimu litakhala pansi. Kaya kagetsi kanali kakunena zoona kuyambira liti, ndani akanadziwa, poti kanali kuseri kwa tepi. Anatsekula buti kuti atenge sipeya, ndipo anakumbukira kuti naye ali ku Dzoole.

Kutsidya kwa mtsinje, pamwamba pa chitunda, kunkakhala a Abrahamu, mkulu womata matayala a njinga ndi kuwotcherera zitsulo. Obadiya anakweza galimoto ndi jeke, namasula tayala, natsamiritsa ndi miyala. Sipanala anaisomeka m'lamba. Kenaka anayamba ulendo wapansi, akugudubuza tayala lakuphwalo, limene linkangopendekera uku ndi uku ngati woledzera.

Mwezi kunalibe. Mdima unali wa ndiweyani. Minda ya fodya inali itakololedwa, mapesi okhaokha ali njo. Msewu unkatsetsereka kulowera kumlatho, ndipo kudzanja lamanja kunali msitu wowirira wa kumanda, umene ngakhale otola nkhuni saulowa. Obadiya anakulira m'tchalitchi, bambo ake anali mkulu wa mpingo, ndipo ankaseka anthu oopa mitengo. Komabe atafika pamenepo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku, mawu ake akutuluka monjenjemera.

Tochi ya foni inayamba kuzirala. Anaizimitsa kuti asunge moto.

Ndiye anamva mapazi.

Go... tswa. Go... tswa. Phazi limodzi la nsapato, linalo lokwekwereza. Anaima. Mapazi anaima. Anayenda. Mapazi anayambanso. Nyimbo inamuthera pakhosi.

"Ndani?"

Zii. Kamphepo kozizira kanadutsa, kali ndi fungo la petulo. Anadziuza kuti fungolo likuchokera m'manja mwake. Anafulumiza. Tayala linkalemera. Go... tswa. Tsopano pafupi. Pambali pake penipeni!

Anayatsa tochi. Munthu anali akuyenda naye limodzi, wamtali, wa jekete lobiriwira, dzanja limodzi atagwira pachifuwa. Nsapato anavala phazi limodzi lokha. Sanamuyang'ane Obadiya. Maso ake anali patayala.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" Obadiya anatero.

"Lakumbuyo kumanzere," mlendoyo anayankha. Mawu ake anali otsika, olira m'chifuwa ngati a munthu wothyoka nthiti. "Ndilo anayamba kumasula."

"Pepani, sindinamve."

"Anali anayi. Ena atatu mwawasiya kuti?"

Tsitsi linamuyima Obadiya. Anafuna kuthamanga, koma munthu sangathamange akugudubuza tayala lakuphwa, ndipo kulisiya kunali kusiya mwana wake. Anangoyenda, maso kutsogolo. Mlatho unaoneka mbuu mumdimamo, chitsulo cha m'mbali mwake chitapindikira kumadzi. Pansi mtsinje unkalira.

Atangoponda pamlatho, tayala linaima. Analikankha. Linakana. Anakankha ndi bondo, ndi phewa... Linali ngati lamera mizu. Atawalitsa, anaona dzanja la mlendoyo lili pamwamba pake. Zala zazitali, zotuwa. Rimu linazizira mpaka kuluma m'manja.

"Siyani tayala langa," Obadiya anatero.

"Lanu?"

Apo mlendoyo anatembenuka. Mbali imodzi ya nkhope yake inali yophwanyika, yolowa m'kati, ndipo m'tsitsi munkanyezimira tizidutswa ta galasi. Koma chimene chinamuopsa kwambiri Obadiya sanali mabalawo. Anali maso. Munali chidani chozizira, chakale, cha munthu amene wakhala akuchisunga osachigawira wina aliyense.

"Ndinakuwa," anatero. "Anabwera ambiri, ndi matochi. Wina anabwera ndi jeke... Ndinati wabwera kudzandichotsa."

"Ine sindikudziwani. Ndagula lero lomwe pa Mponela."

"Anakuuzani."

Trust anali atamuuzadi Obadiya kuti ndi a galimoto yangozi. Anagwada pansi pamlathopo, mwamuna wamkulu wodzimva, manja ali parimu, misozi ikutsika.

"Chonde, bambo. Mwana wanga wadwalika kunyumba. Akudikira galimoto."

"Akudikira galimoto," mlendoyo anabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa mawuwo. Pakamwa pake panang'ambika, ndipo kunali kuseka. "Adikire. Galimoto imabwera. Imangobwera itachedwa."

Foni inazima. Mdima bii! Fungo la petulo linadzaza m'mphuno, m'kamwa. Obadiya anakoka. Chinacho chinakokanso. Anamva mpweya wozizira pakhutu pake. Anakoka ndi mphamvu zonse, zikhadabo zikung'ambika. Anaitana dzina la Yesu, anaitana la amayi ake. Kaya analimbana nthawi yaitali bwanji, sanadziwe. Ankangomva mtsinje, ndi kupuma kothyoka kuja. Mwadzidzidzi dzanjalo linangotaya lokha, ngati munthu amene wapeza zomwe amafuna. Obadiya anagwa chagada, tayala pachifuwa. Anadzuka, nalisenza paphewa, liwiro la mtondo wadooka kukwera chitunda, osacheuka.

Pamene ankagogoda pakhomo la a Abrahamu, atambala anali atayamba kulira. Zimenezi zinamuzunguza mutu, chifukwa pamlatho anafikapo anthu asanagone tulo tofa nato. Mkuluyo anatuluka ndi nyali, atafunda bulangete, akung'ung'udza za anthu osadziwa nthawi. Atamva za mwana anasiya kung'ung'udza. Anatenga pampu, napopa tayala, nalimiza m'beseni la madzi, akulizunguza mbali zonse. Panalibe thovu ngakhale limodzi.

"Silinabooke ili," anatero. "Palibe msomali, palibe minga. Laphwa bwanji?"

Obadiya anali atalumikiza foni yake kubatire la sola la mkuluyo, ndipo pachitundapo netiweki inalipo. Foni itangoyaka inayamba kulira. Anali Debora. Anaiika kukhutu.

Debora sanayankhule. Sipanafunikenso. Kuseri kwake kunkamveka amayi ambiri akulira maliro, ndipo wina ankatchula dzina la Tikondwe.

Foni inagwa pansi. Obadiya anaima chiimire, pakamwa pali yasa. Chisoni chinabwera, koma chisoni chotere n'cholemera kwambiri kuti munthu achisenze yekha, choncho anachisandutsa mkwiyo n'kufuna woti amusenzetse. Anasolola sipanala m'lamba.

"Ndi munthu uja," anatero. "Wandichedwetsa dala pamlatho. Ndikamupeza, ndikamuphwanya mutu, andimange."

"Munthu uti?"

"Wamtali, wa jekete lobiriwira. Wa nsapato imodzi. Amagwira pachifuwa."

A Abrahamu anabweretsa nyali pafupi ndi tayala, napukuta matope a m'mphepete mwa rimu ndi chala chachikulu. Panali chipsera cha kuwotcherera, chokhota, chakale. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasuntha chammbuyo, napukuta manja pabulangete, nakhala pansi pakhonde.

"Apa ndinawotcherera ndine," anatero. "Marimu amenewa ndi a Elifala, amene ankagula mtedza m'midzi muno. Galimoto yake inagubuduzika pamlatho pomwepo usiku wina, iye n'kupanikizika m'kati, wamoyo. Anthu anathamangirako. Anyamata ena anadzabwereka jeke kuno, ine n'kuwapatsa, ndimayesa akukamuchotsa. Iwo anakamasula matayala, ena akusenza matumba a mtedza, iye akukuwa kuti wina akaitane galimoto. Galimoto inabwera kutacha. Kuyambira pamenepo marimuwo akhala akuyenda m'manja mwa anthu, ndipo aliyense wowamanga amawabweza kwa wogulitsa."

"Ndiye akukhala kuti? Ndiuzeni kumene akukhala."

Mkuluyo anamuyang'ana Obadiya, ndi sipanala yake m'manja, ndipo anamumvera chisoni.

"Ikani pansi chitsulocho, mwana wanga, muzipita kwa akazi anu. Elifala mukamupha bwanji? Tinamuika m'manda mwadutsa aja, ine ndemwe ndinali nawo pokumba. Pamanda pake panamera mtengo, ndipo lero ndi wautali kuposa nyumba ino."