Galimoto Imene Inaona Irene

Bambo Morris Goma ananyamuka ku Chifunda mdima utagwa kale, chifukwa msonkhano utatha anayamba kuphunzitsa alimi za galimoto yawo yatsopano. Analoza kamera ya pagalasi ndi kachipangizo ka m'bampala kamene kamaponya mafunde n'kumamvera akabwerera. Ikazindikira munthu pamsewu, anatero, imalira, ndipo woyendetsa akachedwa imamanga yokha mabuleki. Alimiwo, amene mabuleki awo ndi chidendene patayala la njinga, anavomera mwaulemu.

Phunziro linadulidwa ndi foni. Akazi awo anali kuchipatala ku Chama, nthawi yobereka itakwana, ndipo zinthu sizinkayenda bwino. A Goma anaponda moto.

Pafupi ndi kamlatho galimoto inalira. Lamba anawamanga pachifuwa. Inaima.

Pakati pa msewu panali mayi wosenza thumba la chimanga.

A Goma analiza hutala. Mayi osasuntha.

"Amama, patukani. Ndili pa changu."

"Sinipatuka," anatero mayiyo. "Manje motoka yaniona. Iyang'ane mpaka ikhute."

A Goma anabwerera m'mbuyo, nakhotera kumanja. Mayi uja ali kutsogolo. Kumanzere... ali kutsogolo. Mapazi ake sanayende. Nyali zinkamuwalira, koma chithunzithunzi panalibe!

Panali batani lozimitsira maso a galimoto kuti isamangenso yokha mabuleki. Chala cha a Goma chinalipeza.

"Zimitsani, adada," anatero mayiyo. "Mupite bwino."

A Goma anachotsa chala pabatanipo. Kenako anatsika, nakhoma chitseko ngati akutseka ofesi.

"Ine Goma sindiponda munthu, kaya ndi munthu wamtundu wanji. Khalani nayo galimotoyo."

Anamulambalala. Mphepo yozizira inawalowa m'mafupa. Sanacheuke. Nsapato za kuofesi zinalawa fumbi koyamba.

Patsogolo anakumana ndi wanjinga wina, Jackson, amene anavomera kuwakweza pakaliyala mpaka kuchipatala. Ali m'njira a Goma anafotokoza za mayiyo, mosamala kuti asamveke ngati anathamangako.

"Wa thumba la chimanga?" anafunsa Jackson, akupalasa. "Ni ba Irene abo. Tinabaika m'manda ine nikali kusukulu. Motoka inabagunda pamlatho paja, dalaivala anakamba ati sanaone munthu."

Jackson anapitiriza kupalasa.

"Usiku uliwonse baimilira paja, bwana. Mamotoka yangobapitilira pakati. Yanu ni yoyamba kuima."