Nyali ya m'dambo la Chililalila

Munali mu Juni, mwezi umene Kabwe amazizira mpaka mano kuwawa. Malaiti anathima dzuwa lisanalowe, ndipo dera lathu lonse la Chililalila linkanunkha malasha.

Ine ndine Tukiya. Masana ndimagulitsa mankhwala m'tauni, koma madzulo ndinali ndi kamasewera kanga ndi akulu anga, ba Philimon. Iwo ndi makanika, ndipo nyumba yawo ili tsidya la dambo, moyang'anana ndi windo la kuchipinda kwanga. Tinadziphunzitsa tokha kulemba pulogalamu pa laputopu. Ukalemba mawu, pulogalamuyo imaphethiritsa tochi, pena mwachidule pena motalika, mwa kalembedwe kakale ka Morse. Tsidya linalo kamera imaona kuphethirako n'kusandutsa zilembo pagalasi. Mafoni tinali nawo, inde. Koma "wadya chani?" wowoloka dambo pa kuwala ankakoma mwa mtundu wina.

Alamu anga anali ku Ndola pa ntchito, choncho ba Philimon anatsala awiri ndi kamwana kawo Emmie.

Tsikulo mdima utangogwa ndinaloza kamera pawindo lawo. Kunali bii. Ndinadikira nditafunda bulangete.

Kenaka kuwala kunaoneka. Koma sikunali pawindo. Kunali m'munsi, pakati pa dambo, m'udzu. Sikunali koyera ngati kwa tochi yawo. Kunali kofiirira, ngati kwa nyali ya palafini.

Kunayamba kuphethira.

Pulogalamu yathu inali ndi vuto lake: motoka ikadutsa ndi malaiti, zilembo zinkasokonekera. Koma izi zinabwera zoyera, chimodzichimodzi, popanda cholakwika.

PITA KWA MKULU WAKO

Ndinaseka. Ndinalemba kuti, "Ba Philimon, lekani masewera, kwazizira."

Nyali ija inathima kaye. Kenaka inayambanso.

MBAULA. MWANA. FULUMIRA.

Kuseka kunandithera. Ndinaimba foni yawo. Inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Chimodzimodzi.

Ndinatuluka ndi patapata, tochi nditaisiya pamawaya ake. Msewu wozungulira ndi wautali. Njira ya m'dambo ndi yachidule, koma ili ndi maenje amene anthu amakumbamo mchenga, ndipo kukada palibe amene amadzerako. Ndinadzera komweko.

Nyali inali patsogolo panga. Tsopano ndinaona kuti waigwira ndi munthu, bambo wamtali, wovala jasi lofika m'maondo ndi kapusi. Anali atandifulatira.

"Odi, ba tata! Ndimwe ndani?"

Sanacheuke. Anangoyamba kuyenda.

Ine ndinkathamanga, iye akuyenda mwachifatse, koma sindinamupeze. Udzu wouma unkachita tswatswa kumapazi kwanga. Kumapazi kwake kunalibe phokoso. Ndinafuna kubwerera, koma ndinaganiza za Emmie.

Pena pake anatsitsa nyali ija pafupi ndi nthaka. Ndinaona dzenje lamadzi akuda, pomwe phazi langa likadaponda. Ndinalilambalala.

Titafika pampanda wa ba Philimon nyali inathima. Panalibe munthu. Panangotsala kafungo ka palafini.

Ndinamenya chitseko. Zii. Ndinakuwa mpaka bana Chanda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, anatuluka ndi amuna awo ba Miyoba.

"Nichani, Tukiya?"

"Thyolani chitseko! Ali m'kati!"

Ba Miyoba sanafunse kawiri. Anachiponda ndi jombo. M'nyumba munatuluka mpweya wotentha, wolemera, wopweteketsa mutu. Kuchipinda mbaula inali psuu, mawindo otseka, m'mipata atatsekamo nsanza. Ba Philimon anali pansi chafufumimba, dzanja litaloza kuchitseko. Emmie anali pabedi. Nditamunyamula, mutu wake unagwera kumbuyo ngati wa chidole.

Tinawatulutsira panja, n'kuwakweza mu takisi ya ba Miyoba. Njira yonse ndinkaitana dzina la mwanayo. Tikuyandikira chipatala anatsokomola, n'kusanzira pamiyendo panga. Sindinayambe ndakondwerapo ndi masanzi ngati tsiku limenelo.

Onse awiri anachira. Nesi anati tikadachedwa pang'ono, tikadakamba zina.

M'mawa mwake ba Philimon anandiuza kuti Emmie ankadandaula kuzizira, ndiye anagona naye molawirira, mbaula ili pafupi. Ndinawafunsa za uthenga uja.

"Tukiya, laputopu ndinaisiya ku galaji. Ine sindinatumize kanthu."

Emmie anali chigonere, maso ali kudenga. Anati, "Agogo a nyali anali kugogoda pawindo. Ndinawamva, koma ndinakangiwa kuuka."

Bana Chanda anali atatibweretsera tiyi. Anaika fulasiki pansi pang'onopang'ono, n'kundikokera pakhonde.

"Usakambe kwa aliyense," anatero monong'ona. "Ni ba January aja. Iwe unali usanabadwe. Anali wa ku njanji, wotumiza mauthenga pawaya, ndipo nyumba yawo inali m'mbali mwa dambo lija. Tsiku lina ali ku ntchito, ana awo awiri anagona ndi mbaula. Sanauke. Kuyambira pamenepo, Juni akafika ankayenda m'makomo ndi nyali, kugogoda m'mawindo kuti anthu atulutse moto panja. Tinawaika kalekale. Koma ena amati akali kuyenda."

Ine ndimapemphera, ndipo zoterezi sindidziwa poziika.

Madzulo ake ndinakhala pawindo langa. Ndinaloza tochi m'munsi, pakati pa udzu, n'kulemba mawu amodzi: ZIKOMO.

Dambo linangokhala bii. Ndinabwerezabe mpaka batire inatha.